Diso Limene a Musaphethire Anakonza

Dzina lawo lenileni lili pa chiphaso cha bizinesi chimene chinapachikidwa kuseri kwa chitseko, ndipo ndikukayika ngati alipo amene anachiwerengapo. Msewu wonse umawadziwa kuti a Musaphethire. Ndiwo mawu amene akhala akunena kuyambira m'mawa mpaka madzulo kwa zaka zoposa makumi awiri, diso lina atatsinzina, lina lili pa kamera: "Chibwano m'mwamba pang'ono. Musaseke. Musaphethire." Ngakhale mayi a kunyumba kwawo akapsa mtima amawaitana dzina lomwelo.

Situdiyo yawo ndi kachipinda kopapatiza, pakati pa wometa tsitsi ndi mayi wa fotokope, moyang'anizana ndi geti la ofesi ya mapasipoti. Mkati muli nsalu yoyera pakhoma, mpando wopanda chotsamira, kalilole wothimbirira, chipeso chomangidwa pachingwe kuti chisatsagane ndi makasitomala, ndi jekete lakuda lobwereketsa amuna amene abwera atavala malaya oyera. Jeketelo layenda m'mayiko ambiri kudzera m'mapasipoti a anthu, pamene eni ake sanakwerepo ndege, ndipo pasipoti alibe.

Anali munthu wonyadira chinthu chimodzi, ndipo ankachinena osafunsidwa: chithunzi chawo sichinabwezedweko pawindo la ku ofesi ya mapasipoti. Zithunzi za anzawo zinkabwezedwa tsiku ndi tsiku, ichi mthunzi kumbuyo, icho khutu limodzi silikuoneka. Kasitomala akabwera nazo zokanidwazo ali wokwiya, iwo ankazipempha n'kuziponya m'chitini cha mabisiketi pansi pa tebulo, kuti tsiku lopanda ntchito aziseka nazo ndi wometa tsitsi. Chinsinsi chawo chinali pakompyuta. Akajambula munthu, ankamuchotsa kachiphuphu, thukuta lonyezimira pamphumi, ulusi wa pakolala. Chikwangwani cha ku ofesi chinkanena poyera kuti chithunzi chisasinthidwe, koma iwo ankati lamulolo ndi la anthu amene sadziwa ntchito. "Ine sindisintha munthu," ankatero. "Ndimangomupukuta."

Pa makanda ndiye panalibe wowaposa. Khanda la pasipoti limafunika maso otsegula, kukamwa kotseka, dzanja la mayi lisaoneke, zinthu zimene khanda lililonse lanzeru limakana kuchita nthawi imodzi. A Musaphethire ankaligoneka chagada pansalu yoyera patebulo, n'kukwera pampando, makiyi ali kudzanja lamanzere akuchita ngwerengwere. Mayi akayamba kutopa ankamuuza kuti, "Dekhani mayi, kuona maso a nkhono n'kudekha."

Lolemba lina m'mawa kunalowa mayi wachitsikana, thukuta lili kamukamu, atanyamula kamtsikana ka miyezi isanu. Asanakhale n'komwe anali atafotokoza zonse, monga amachitira anthu amene akhala akuuza nkhani imodzi pamawindo ambiri. Amuna ake anali owotcherera zitsulo kunja kwa dziko. Anachoka iye ali woyembekezera, ndipo mwana ankangomuonera pafoni. Tsopano anali atapeza nyumba, matikiti atagulidwa, ulendo unali Lamlungu la sabata yachitatu. Pasipoti ya mayi inali m'chikwama, yotsala inali ya mwana.

"Andibweza kawiri, bambo," anatero akutulutsa tizithunzi m'chikwama. "Akuti diso likunyezimira. Ndajambulitsa malo awiri. Akandibwezanso lero, masiku sakwana."

A Musaphethire anangoponya diso pang'ono, n'kupukusa mutu. "Ana a masiku ano agula kamera, kuwala sakudziwa. Mugonekeni apa."

Tizithunzi tokanidwato tinalowa m'chitini. Mwana anagona phee, wosalira, akutsata makiyi. Anajambula katatu n'kutsika kukaona pakompyuta. Diso lakumanja linali bwinobwino. Lakumanzere, pakati paja pamayenera kukhala pakuda, panali poyera ngati dontho la mkaka. Anasuntha getsi, n'kujambulanso. Chimodzimodzi. Anapukuta galasi la kamera ndi kansalu, n'kuitukwana chamumtima kuti yakalamba. Zithunzi zisanu ndi zinayi, dontho lili pomwepo.

Mayi uja anali ataimirira kumbuyo kwawo. "Zavutanso?"

"Pano sipavuta kanthu."

Anakulitsa nkhope ya mwana mpaka inadzaza sikirini. Anatapa kuda kwa diso lakumanja n'kukuika pa lakumanzere, n'kusalaza m'mbali, n'kusiyako kadontho kakang'ono ka kuwala kuti diso lioneke lamoyo. Ntchito ya mphindi ziwiri, ndipo kunena zoona inali ntchito yokongola. Mayiyo anawoloka msewu ndi envelopu yake. Chakumasana anatuluka pageti akukupiza kapepala m'mwamba, akuseka, n'kufuula kuti, "Alandira! Mulungu akudalitseni!" A Musaphethire anakweza dzanja ngati munthu amene wazolowera kuyamikiridwa.

Panapita masiku khumi ndi limodzi. Lachisanu la sabata yotsatira kunabwera mayi wachikulire wovala yunifolomu ya unamwino, kudzajambulitsa chithunzi cha chitupa cha kuntchito. Anali wa anthu aja amene safuna kusankhiridwa, choncho anaima pambali pa kompyuta kuti aone yekha. A Musaphethire pofufuza chithunzi chake anabwerera m'mbuyo kwambiri, nkhope za masiku apitawo zikudutsa.

"Taimani," anatero namwinoyo. "Bwererani. Khanda lija."

Anabwerera.

"Zilipo zingati za mwana ameneyu?"

"Zisanu ndi zinayi. Fulashi inkavuta tsiku limenelo, a nesi."

"Tandionetsani zonse."

Anaziona chimodzichimodzi, atavala magalasi. Kenako anafunsa ngati diso linali lomwelo m'zithunzi zonse, ndiponso ngati ana ena amene anajambulidwa tsikulo anatuluka choncho. A Musaphethire anakumbukira zithunzi zokanidwa zija. Anawerama n'kutulutsa chitini cha mabisiketi, n'kufufuza mpaka anapeza tizithunzi tiwiri tija. Makamera a anthu ena, magetsi a anthu ena, masiku osiyana. Diso lakumanzere, dontho loyera.

"Bambo, ine si dokotala wa maso, koma ndagwira ntchito ku wodi ya ana zaka zambiri," anatero namwino uja motsitsa mawu. "Fulashi ikalowa m'diso labwino imabwerako yofiira, kapena osaoneka n'komwe. Ikamabwerako yoyera, diso lomwelomwelo, ndiye kuti m'katimo muli chimene chikuibweza. Mwina ndi ng'ala. Mwina ndi zina zazing'ono. Koma nthawi zina chimakhala chotupa, ndipo chotupa cha m'diso la khanda sichidikira munthu. Mwanayu aonedwe sabata ino. Mayi ake muli ndi nambala yawo?"

Analibe. Pa zaka zonsezo sanalembepo dzina la kasitomala. Munthu ankalowa, kujambulidwa, kutenga envelopu, basi.

"Nanga ku ofesiko sanachione?"

A Musaphethire anatembenukira ku kompyuta. Anangodina chithunzi chakhumi, chokonzedwa chija, maso onse awiri ali bii, okongola. Namwino anachiyang'ana, n'kuwayang'ana iwo. Sanawakalipire, ndipo bola akanawakalipira. Anatenga envelopu yopanda kanthu n'kulembapo kumene kuli chipatala cha maso ndi tsiku limene amaona ana, n'kuisiya patebulo.

Mantha amene anawagwira tsiku limenelo sanali aja obwera kamodzi n'kupita. Anakhazikika. Anthu awiri osadziwa ntchito aja, amene iwo ankawaseka, anali atajambula zoona. Wapawindo amene anabweza mayi uja kawiri anali atachita bwino osadziwa. Mwina akanabwezedwa kachitatu, wina akanati tamuonetseni mwanayu kuchipatala. Amene anatseka pakamwa pa chithunzicho anali iwo, katswiri, ndi zala zawo zomwe. Ndipo Lamlungu la sabata yamawa mwanayo adzakwera ndege kupita kudziko kumene mayi ake sadziwa chinenero, sadziwa khomo la chipatala, kumene aliyense adzakhala wotanganidwa ndi chisangalalo.

Atafika kunyumba madzulo, mayi a kunyumba anangowaona nkhope n'kuzimitsa wailesi. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto.

"Ndiye mwaganiza bwanji?"

"Ndikapita ku ofesi kuja ndikanene kuti ndinasintha chithunzi, ntchito yanga yatha. Aliyense adziwa."

"A Musaphethire," anatero mayiwo, ndipo dzinalo likatuluka choncho sipakhala zoseka, "mwana wa mnzako ngwako yemwe. Akanakhala mdzukulu wathu, mukanafuna wojambulayo ateteze dzina lake?"

Loweruka ndi Lamlungu ofesi inali yotseka. Masiku awiri amenewo anali aatali kuposa chaka. Ankati akayang'ana mdzukulu wawo akusewera pakhonde, n'kupezeka akumugwira chibwano, kumutembenuzira kudzuwa, kumusuzumira m'maso mpaka mwanayo anayamba kuwathawa.

Lolemba anavala jekete lakuda lija, kwa nthawi yoyamba eni ake, n'kuwoloka msewu. Mlonda wa pageti, amene ankamwa naye tiyi, anaseka. "Lero mwaganiza zothawa dziko, akulu?" Iwo anaima pamzere ngati wina aliyense mpaka anafika pawindo lachitatu, lotengera mapasipoti. Mayi wapawindopo ankadziwika ndi kuuma mtima, ndipo anthu ankati sanasekepo chilembedwere ntchito.

Anamuikira zithunzi ziwiri pamodzi, chenicheni ndi chokonzedwa, n'kufotokoza.

"Dzina la mwana?"

"Sindikulidziwa, mayi."

"La mayi ake? Nambala ya lisiti?"

"Sindikudziwa."

"Ndiye mukufuna ndichite chiyani? Makanda amene amadutsa pano mukuwadziwa kuchuluka kwake? Komanso ngakhale nditamupeza, nambala ya munthu sindingakupatseni." Anayang'ananso zithunzi zija. "Mukundiuza kuti munasintha chithunzi cha pasipoti. Mukudziwa kuti ndiyenera kuwauza abwana?"

"Auzeni, mayi. Koma mwanayu apezeke."

Mayiyo anatenga zithunzi zonse ziwiri n'kuziika m'dirowa. "Wotsatira!"

Kuyambira tsiku limenelo situdiyo inkatsegulidwa koma ntchito sinkagwirika. A Musaphethire anatulutsa mpando wopanda chotsamira uja n'kukhala pakhomo, maso pageti. Mayi aliyense wonyamula khanda akatulukira, iwo ankadzambatuka n'kuwoloka msewu osayang'ana galimoto. Nkhope ya mwana ankaidziwa mpaka nsidze, koma ya mayi ake, manyazi ake, sankaikumbuka bwino, chifukwa munthu amene sakujambulidwa iwo sankamuyang'ana. Choncho ankasuzumira khanda lililonse. Lachiwiri bambo wina anawagwira pakolala n'kuwafunsa chimene akufuna pa mkazi wake. Wometa tsitsi ndiye anakawalanditsa.

Lachitatu mbiri inali itamveka. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zonsezo, kasitomala anabwerera ndi envelopu, akuti pawindo anena kuti zithunzi za situdiyo imeneyi azibwera nazo zosakhudzidwa. Anyamata a masitudiyo ena ankadutsa dala pakhomo akuimba mluzu. Zimenezo zinawapweteka, koma osati mmene ankaganizira. Chimene chinkawadya chinali china: bwanji ngati pasipoti inatengedwa kale sabata yatha? Bwanji ngati mayiyo atuma mlamu wake? Bwanji ngati anadutsa pomwe iwo anali kuchimbudzi? Anasiya kumwa tiyi kuti asamachoke pampando.

Lachinayi linadutsa. Lachisanu, tsiku lomaliza ofesi isanatseke, dzuwa linafika pamutu popanda kanthu. Itangokwana 2 koloko anamva mlonda akukuwa kutsidya kwa msewu.

"A Musaphethire! Akukufunani pawindo lachitatu! Thamangani!"

Anathamanga, munthu wa zaka zake. Pabenchi pafupi ndi windo panali mayi uja, mwana ali pamiyendo, nkhope ili yodandaula. Mayi wouma mtima uja anali atayang'ana kabuku ka khanda lililonse kamene kanadutsa m'manja mwake sabata yonseyo, chithunzi chili m'dirowa, ndipo atamupeza anamuuza mayiyo kuti adikire, pali siginecha imene ikusowa. Ataona a Musaphethire anatulutsa pasipoti n'kuipereka.

"Siginecha yapezeka. Pasipoti yanu ndi iyi, mayi. Koma musanapite, bambo awa ali nanu mawu. Amvereni." Ndipo anaitana wotsatira.

Anakaima panja, pamthunzi wa mpanda. A Musaphethire anali atakonzekera mawu sabata yonse, koma onse anabalalika. Anangotulutsa envelopu ija, mmene munali zithunzi zisanu ndi zinayi zosakonzedwa.

"Mayi, ndinakulakwirani. Fulashi sinkavuta. Kamera sinkavuta. Choyera ichi chili m'diso la mwana, ine ndinangochiphimba. A nesi ena anachiona, akuti mupite naye kuchipatala cha maso msanga. Alemba apa."

Mayiyo sanalandire envelopu. Anamukumbatira mwana wake mwamphamvu mpaka anayamba kulira.

"Mwana wanga ali bwino. Amaona. Amanditsata ndikamayenda m'nyumba."

"Mwina ali bwinodi, mayi. Akangomuona basi."

"Ndege ndi mkuja! Bambo ake akudikira chaka chathunthu. Mukufuna ndiwaimbire ndiwauze chiyani? Kuti wojambula zithunzi walota?" Mawu anakwera, anthu a pamzere n'kutembenuka. "Munanena nokha kuti pano sipavuta kanthu. Munanena nokha!"

"Ndinanena, mayi."

Kenako mayiyo analankhula motsitsa, osawayang'ana. "Madzulo ndikamuika pafupi ndi windo, limawala ngati la mphaka. Achemwali anga anati ana ena amabadwa choncho, zimatha." Anatsomphola envelopu ija, n'kuiika m'chikwama pamodzi ndi pasipoti, n'kunyamuka osatsanzika.

Kumanzere kwa geti kumakwerera maminibasi opita kuchipatala, kumanja opita kumakomo. A Musaphethire anaima kuti aone kumene akhotere. Lole ya simenti inadutsa pang'onopang'ono pakati pawo, ndipo itatha kudutsa mayiyo sankaonekanso.

Anakhala zaka zisanu osadziwa. Musaganize kuti mantha amatha chifukwa masiku apita, amangophunzira kukhala phee. Ntchito inabwerera pang'onopang'ono, ngakhale sinafikenso pakale. Pulogalamu yokonzera nkhope anaichotsa pakompyuta, ndipo anthu ankatuluka ndi ziphuphu zawo, ena akudandaula. Chitini cha mabisiketi anachitaya. Anagula kabuku kolembamo dzina ndi nambala ya kholo lililonse lobwera ndi mwana. Khanda lililonse ankalijambula kamodzi ndi fulashi n'kukulitsa maso pasikirini, mtima uli m'mwamba. Pa zaka zimenezo anatumiza makolo anayi kuchipatala. Atatu anabwerako n'kuwanyoza kuti awatayitsa nthawi, wachinayi sanabwerenso. Mayi a kunyumba ankawaseka kuti ukalamba uno asanduka dokotala wopanda satifiketi. Koma Lamlungu lililonse ndege ikadutsa pamwamba pa nyumba, a Musaphethire ankasiya kulankhula, ndipo mayiwo pamenepo sankaseka.

Tsiku lina m'mawa kunalowa mayi ndi kamtsikana kovala diresi lachikasu, kolongolola, kofunsa chifukwa chake chipeso chamangidwa. A Musaphethire anatsegula kabuku kawo kuti alembe dzina. Mayiyo sanatchule dzina. Anaika patebulo pasipoti ya mwana yotha ntchito, n'kuitsegula patsamba la chithunzi. Khanda la miyezi isanu, maso onse awiri ali bii, kadontho ka kuwala kali pamalo pamene iwo anakaika.

A Musaphethire anakhala pampando wa makasitomala. Sanayerekeze kumuyang'ana mwanayo kumaso.

"Ndinakwera minibasi ya kumanzere," anatero mayiyo. "Ndinalira njira yonse, ndikukutukwanani. Lamlungu lija sitinapite. Bambo ake ndi amene anabwera. Chinali chotupa. Diso analichotsa mwezi womwewo, ili ndi loikirira. Adokotala anati chinali chisanatuluke m'diso. Zithunzi zanu zija anapempha kuti asunge, aziphunzitsira."

"Masiku khumi ndi asanu ndi atatu, mayi," anatero a Musaphethire. "Kuchokera tsiku limene ndinaphimba mpaka tsiku limene ndinakupezani. Ndimawawerenga mpaka lero. Mwina diso likanapulumuka."

"Ndinawafunsa adokotala zimenezo. Anati linali litapita kale." Mayiyo anatseka pasipoti ija. "Ine ndinaliona likuwala miyezi iwiri inu musanalione, bambo. Aliyense ali ndi masiku ake owerenga. Tajambulani mwanayu, ulendo uja tikupita tsopano, tonse atatu."

Anamukhazika kutsogolo kwa nsalu yoyera, n'kumuikira pilo kuti atalike. Apa ndi pamene anamuyang'ana. Diso lakumanzere linali lofanana ndi linzake mtundu, koma linkachedwa pang'ono kutsata, ngati likuganiza zina. Anakweza kamera, pakamwa pali gwa.

Kamtsikanako kanadikira, kenako kanatopa. "Agogo, amama anati mumanena kuti musaphethire. Bwanji simukunena?"

Ananena, mawu awo osamveka bwino. Fulashi inawala. Anapita pakompyuta n'kukulitsa diso lakumanja, lamoyo lija, mpaka linadzaza sikirini. Analiyang'ana nthawi yaitali. Munalibe choyera chilichonse. Mayi uja anali ataima kumbuyo kwawo ngati tsiku loyamba lija, ndipo anamumva akutulutsa mpweya.

"Musakonze chilichonse," anatero.

"Sindikonzanso, mayi."

Anasindikiza zithunzi zinayi, n'kuzidula, n'kuziika mu envelopu. Kenako anavala jekete lakuda lija, n'kutseka situdiyo dzuwa lili pamutu, makasitomala awiri ali pakhomo. Anagwira dzanja la mwanayo n'kuwoloka nawo msewu, kuti wapawindo akanena kuti diso limodzi likuyang'ana kumbali, womuyankha akakhale iwo.